Mayina a zomera m'Chifinishi ndi Chiesitoniya: adachokera kuti, nanga amasinthiranji chonchi?

Funso: Ndikuphunzira za nkhalango ku Joensuu, m'dziko la Finland, ndipo ndayamba kuphunzira Chifinishi. Mayina a mitengo ndi mbewu andizunguza mutu. Liwu loti kuusi pena likusanduka kuusen, pena kuuden. Ruis akusanduka rukiin, nanga k ameneyu wachokera kuti? Mnzanga wa ku Estonia akuti kwawo kaura amati kaer, kataja amati kadakas. Aphunzitsi adangoti zonsezi n'za Proto-Finnic. Kodi chimenechi n'chiyani, mayinawa adachokera kuti, ndipo pali njira yowagwirira popanda kuloweza limodzilimodzi?

Yankho: Njira ilipo. Zimene zikukuvutani posintha dzina ndi zomwezo zimene zimaulula msinkhu wa dzinalo ndi kumene lidachokera, choncho mukagwira mbiri mwagwiranso galamala.

Proto-Finnic ndi chinenero chimene chidabala Chifinishi, Chiesitoniya, Chikareliya, Chivepsi, Chivoti, Chilivoniya ndi zilankhulo za kummwera kwa Estonia monga Võro ndi Seto. Chinkalankhulidwa m'mbali mwa Gulf of Finland, ndipo chidayamba kugawikana zaka pafupifupi 2,000 zapitazo. Palibe adachilemba. Cholembedwa chakale kwambiri m'chinenero cha banjali ndi kachidutswa ka khungwa la mtengo kamene kadafukulidwa ku Novgorod mu 1957, kodziwika ndi nambala 292, kolembedwa m'zaka za m'ma 1200. Chifinishi chosindikizidwa chidayamba ndi Mikael Agricola m'zaka za m'ma 1540. Motero mawu a Proto-Finnic timachita kuwamanganso poyerekeza zinenero zimene chidabala, ndipo timawaika kanyenyezi kutsogolo, monga *kakra. Kanyenyeziko kamauza wowerenga kuti liwulo silidapezeke papepala lililonse, koma malamulo a kusintha kwa katchulidwe akuloza kumeneko.

Tiyambe ndi kuusi wanuyo. Amenewa ndi mawu awiri osiyana amene adangofanana pambuyo pake. Kuusi wa mtengo, Picea abies, uja wa masamba onga singano amene amaimikidwa m'nyumba pa Khirisimasi, tsinde lake ndi kuuse-, ndipo s wakeyo ngwakalekale: m'zinenero zina zachibale, Asami a kumpoto amati guossa, a Komi ndi a Erzya a ku Russia koz ndi kuz. Kuusi wa nambala 6 tsinde lake ndi kuute-, ndipo Asami amati guhtta, Ahangare hat. Mayina a mtundu uwu amathera ndi i akaima okha, koma akalandira mphatikiri vaweloyo imakhala e. M'Proto-Finnic, t wotsatidwa ndi i adasanduka s. Ndiye *kuuti adakhala kuusi, pomwe m'malo ena, momwe t ankatsatidwa ndi e kapena konsonanti, adapulumuka: kuuden, kuutta. Mtengo uja udalibe t woti n'kusintha, n'chifukwa chake umangoti kuusi, kuusen, kuusta. Mitengo isanu ndi umodzi ya mtunduwu ndi kuusi kuusta. Lamulo lomweli mulipeza pa varsi, phesi la chomera: varsi, varren, vartta, kuchokera ku *varti.

Tsopano za kumene mayina adachokera. Akale kwambiri ndi a m'banja lalikulu la Uralic, limene kholo lake linkalankhulidwa zaka zosachepera 4,000 zapitazo kummawa kwenikweni kwa kumene kuli Finland lero. M'gululi muli puu, mtengo, amene Ahangare amati fa. Musadabwe kuti sakufanana, chifukwa p woyamba wa Chifinishi amakhala f m'Chihangare mosaphonya: pesä ndi fészek, chisa, puoli ndi fél, theka. Mulinso kuusi, koivu, mtengo wa khungwa loyera wa mtundu wa Betula, ndi tuomi, Prunus padus, amene a Komi amati ľöm. Akalenso ndi petäjä, paini, amene Asami amati beahci, paju, msondodzi, ndi marja, katchipatso ka m'tchire. Mukawayang'ana onsewa muona kuti ndi mitengo ya m'nkhalango yozizira ya kumpoto. Mayina ena awiri akale, la paini wa ku Siberia ndi la mtengo wa Abies sibirica, adakalipo m'zinenero za Uralic za kummawa koma m'Proto-Finnic mulibe. Mitengoyo simera yokha m'mbali mwa nyanja ya Baltic, ndipo anthu atausiya mtengo kumbuyo dzina lake lidatsalanso komweko.

Kenaka pali kagulu kamene ine ndimakaona kofunika kuposa kukula kwake: tammi, thundu wa ku Ulaya, vaahtera, Acer platanoides, ndi pähkinä, mtedza wa mumtengo wa Corylus avellana. Abale a mawuwa amapezeka m'zinenero za m'chigwa cha Volga, monga Erzya ndi Mari: tumo ndi tum, ukštor ndi waštar, pešte ndi pükš. Kuseri kwa mapiri a Ural kulibe. Iyi ndi mitengo ya masamba otambalala imene imafuna nyengo yofundirako, ndipo akatswiri ambiri amaganiza kuti mayinawa adatoledwa kwa anthu ena amene ankakhala kale m'nkhalango za pakati pa Russia, amene zinenero zawo zidafa osalembedwa. Zikugwirizana ndi zimene Valter Lang, wofukula zakale wa ku Tartu, adafotokoza, kuti makolo a anthu olankhula zinenerozi adafika ku Baltic kuchokera cha ku Volga ndi Oka, motsata mitsinje.

Taonani š wa m'mawu a Erzya aja, ukštor ndi pešte, pomwe Chifinishi chili ndi h. Apa ndi pamene pali chida champhamvu kwambiri choyezera zaka za dzina. Poyamba Proto-Finnic idalibe h. H wambiri wa lero adachokera ku š, amene amamveka ngati sh. Vehnä, tirigu, adali *wešnä, ndipo a Erzya ali ndi viš. Haapa, Populus tremula, adali *šapa. Ndiye dzina lobwereka likakhala ndi h pomwe eni ake ali ndi š kapena ž, ndiye kuti lidalowa kusinthako kusanachitike. Umu ndi momwe timadziwira kuti mawu ochokera ku zinenero za Baltic, makolo a Chilithuaniya ndi Chilativiya, ngakale ndithu. Heinä, udzu wa ziweto, Alithuaniya amati šienas. Herne, nsawawa, ndi žirnis. Tuohi, khungwa la koivu lomwe lija lolembapo ku Novgorod, ndi tošis. Halla, chisanu chowononga mbewu m'munda, ndi šalna. Kuchokera komweko kudabweranso siemen, mbewu yofesa, ndi terva, phula lotcheredwa ku paini, amene Alithuaniya amati derva. Amene adasanja bwino nkhaniyi ndi Vilhelm Thomsen wa ku Denmark, mu 1869 pa mawu a Germanic ndipo mu 1890 pa a Baltic, ndipo maziko ake adakalimba mpaka lero.

Heinä yemweyo amaululanso kuti ndani adayamba kupatuka pabanjapo. Chifinishi chili ndi heinä, Chiesitoniya hein, koma a Võro amati hain ndipo Chilivoniya āina. Kusiyana kwa ei ndi ai kotereku ndi umodzi mwa maumboni amene Petri Kallio ndi anzake amagwiritsa ntchito ponena kuti chilankhulo cha kummwera kwa Estonia ndicho chidayamba kuchoka, Chilivoniya n'kutsatira.

Mawu a Germanic, banja la Chijeremani, Chiswidishi ndi Chingerezi, ndiwo adadzaza munda. Pelto, munda weniweniwo, aura, khasu lokoka ndi ng'ombe, akana, mankhusu, laukka, mtundu wa anyezi, ruis ndi kaura, mbewu zija Angerezi amati rye ndi oats. Kaura ali ndi nkhani yokoma. Gwero lake ndi *hagran-, limene lidasungika pachilumba cha Gotland. Poti obwerekawo adalibe h nthawi imeneyo, adaikapo k, ndipo g nayenso adakhala k: *kakra. Yerekezani ndi hamppu, Cannabis sativa wolima chifukwa cha luzi lake, wochokera ku hampa wa Chiswidishi. Ameneyu adasunga h chifukwa adalowa mochedwa, h atakhalapo kale. Kuchokera pa *kakra njira zidasiyana. Akareliya adasunga kakra kapena kagra, Avepsi kagr. Afinishi adasandutsa k wa patsogolo pa r kukhala u, Aesitoniya kukhala e: kaura ndi kaer. Lamulolo silidasankhe liwu. *Nakris, mbewu ya muzu yonga tanaposi, ndi nauris ndi naeris, ndipo *kakla, khosi, ndi kaula ndi kael. Khasu lija lidali *atra, Afinishi aura, Aesitoniya ader.

Obwerekawa adali ndi zizolowezi ziwiri zosasintha. Sankayamba liwu ndi b, d kapena g, choncho derva adakhala terva, ndipo bob wa Asilavo adakhala papu, nyemba. Sankalolanso makonsonanti awiri kumayambiriro. Ife tidatenga trigo wa Apwitikizi n'kulowetsamo vawelo, tirigu. Iwo ankachita mosiyana, ankadula konsonanti yoyamba n'kusiya yomaliza: buledi amene Agothi, anthu akale olankhula chinenero cha Germanic, ankati hlaifs kwa iwo ndi leipä.

Mbewu ziwiri zili ndi mbiri yakuya kuposa izi. Jyvä, njere, Chiesitoniya iva, adachokera ku zinenero za Indo-Iranian, ndipo m'Sanskrit yava ndi balere. Adalowa makolo a anthuwa akadali kummawa, pafupi ndi zigwa za udzu za kummwera kwa Russia. Ohra, balere, ali ndi maonekedwe ambiri, osra kapena ozra ku Karelia, ozr m'Chivepsi, oder ku Estonia, ndipo ambiri amamulumikiza ndi liwu la Indo-European lotanthauza chakuthwa, chifukwa cha ndevu zobaya za ngala yake.

Kataja, Juniperus communis, ndi chitsanzo chabwino cha pamene kufanana sikunena yemwe adabwereka kwa mnzake. Alithuaniya amati kadagys, ndipo kwa nthawi yaitali dzinali linkawerengedwa ngati lochokera ku Baltic. Koma m'Proto-Finnic lidali *kataga, ndipo *-ga ameneyu ndi mphatikiri wa kumapeto amene alinso pa mayina ena a mitengo osakayikitsa: *pihlaga, *petägä, *jalaga. M'Chifinishi g ameneyu adafewa n'kukhala j kapena v, kataja, pihlaja, petäjä, jalava. Avepsi adamusunga, kadag. Aesitoniya ali ndi kadakas, pihlakas, jalakas. Ine ndili kumbali ya amene amati dzinali lidachoka kwa olankhula Finnic kupita ku Baltic, chifukwa likakhala ndi kamangidwe ka m'nyumba, kofanana ndi anzake atatu, mpovuta kulitcha mlendo.

Nanga koivu ku Estonia adapita kuti? Adakalipo ngati kõiv, makamaka kummwera, koma dzina lofala ndi kask. M'Chifinishi liwu lomwelo ndi kaski, ndipo limatanthauza mphanje yotema ndi kuwotcha. Alimi ankagwetsa mitengo, kuisiya iume mpaka chaka chotsatira, kuitentha, n'kufesa ruis, ohra kapena nauris paphulusapo. Akakolola kangapo ankasamukira pena, ndipo mtengo woyamba kuphukira pamalo osiyidwawo udali koivu. Mbali imodzi ya nyanja liwu lidakhazikika pa munda, mbali ina pa mtengo. Leppä, Alnus, nayenso ali ndi tanthauzo lachiwiri lakale, magazi, poti mtengowu ukadulidwa pachilonda pamafiira. N'chifukwa chake kachilombo kofiira ka mawanga akuda kaja amakatcha leppäkerttu ku Finland ndi lepatriinu ku Estonia.

Tibwere ku galamala. Proto-Finnic idalibe magulu a mayina, idalibenso kusiyanitsa dzina lachimuna ndi lachikazi. Zonse zimachitika kumapeto kwa liwu. Pomwe ife timasiyanitsa mlambe ndi malambe posintha kumayambiriro, iwo amalumikiza mawu awiri: omena ndi apozi, omenapuu ndi mtengo wake, ku Estonia õun ndi õunapuu. Ntchito imene ife timagwira ndi mu, pa, ku, wa, iwo amaigwira ndi aphatikiri a kumapeto, ndipo Chifinishi chili ndi maonekedwe 15 otere, Chiesitoniya 14. Koivu, koivun ndi wa koivu, koivussa ndi mu koivu, koivusta kuchokera mu koivu, koivuksi kusanduka koivu. Aphatikiriwo siovuta. Chovuta ndi tsinde limene amamatikapo, ndipo zinthu zitatu ndizo zimalisintha.

Choyamba n'chopepuka. Mavawelo a, o, u sakhala m'liwu limodzi ndi ä, ö, y, pomwe e ndi i amayenda ndi mbali zonse. Ndiye koivussa koma männyssä, marjaa koma heinää. Chiesitoniya cholembedwa chidataya lamuloli, a Võro adalisunga.

Chachiwiri ndi kufewa kwa p, t ndi k, ndipo apa mpofunika kuchedwapo. Gawani liwu m'maphatikizo. Phatikizo likathera ndi vawelo ndi lotseguka, ndipo konsonanti yoliyamba imakhala yolimba. Likathera ndi konsonanti ndi lotsekeka, ndipo yoliyamba imafewa. M'Proto-Finnic pp, tt, kk ankafupika, pomwe p, t, k ankakhala b, d, g. Haa-pa ndi lotseguka. Mukaika n wa umwini, haa-pan latsekeka, ndiye *haaban, lero haavan. Momwemonso lep-pä ndi le-pän, leh-ti ndi leh-den, mus-tik-ka ndi mus-ti-kan. Mänty, paini wofala, adali *mändün, d n'kumezedwa ndi n: männyn. Chenjerani kuti haavan angakhalenso wa haava, chilonda, ndipo ndi chiganizo chokha chimene chingakuuzeni.

K wa rukiin sadachokere kwina kulikonse, ndi mwini malo. Amene adasowa ndi wa mu ruis. Dzinali lidali *ru-gis. Phatikizo lachiwiri ndi lotsekeka ndi s, choncho k adafewa kukhala g, ndipo Chifinishi chidadzataya g ameneyo: ruis. Avepsi mpaka lero amati rugiž. Pa umwini s adakhala h, *ru-ki-hen, phatikizo ki n'kutseguka, k n'kulimba. Pambuyo pake h wa pakati pa mavawelo adagwa, n'kutsala rukiin. Lero mukayang'ana rukiin muona ngati phatikizo ndi lotsekeka ndipo lamulo laphwanyidwa, koma silidaphwanyidwe, lidagwira ntchito h asanagwe. Dzina lililonse lokhala ndi vawelo yaitali yotere pa umwini likayikireni kuti munali h. Nauris ndi nauriin. Herne adali *herneh, umwini *hernehen, ndipo Akareliya amatero ndithu mpaka pano, pomwe Afinishi amati herneen. H wa kumapeto uja adasiya chizindikiro china: hernettä ali ndi tt, ndipo polankhula hernekeitto, msuzi wa nsawawa, amamveka ndi k wawiri pakati ngakhale salembedwa.

Ku Estonia zidapita patali. Vawelo ya kumapeto idagwa m'mawu ambiri, n wa umwini nayenso adagwa, koma kufewa kumene n adadzetsa kudatsala: lepp ndi lepa, haab ndi haava, kask ndi kase, mänd ndi männi. Choncho kumeneko kufewako ndiko kumanyamula tanthauzo. Pa tamm, umwini ndi partitive, maonekedwe onena za gawo la chinthu, zonse zimalembedwa tamme, koma yachiwiri imatchulidwa ndi m wotalikirapo. Mnzanu uja mum'pemphe atchule zonse ziwiri motsatizana, mumva. Avepsi ndi Alivoniya kufewaku alibe, ndipo Avepsi amati hab, haban.

Chachitatu ndi mtundu wa tsinde, ndipo apa pali muyeso umene ungakuthandizeni tsiku ndi tsiku. Dzina lothera ndi i likasintha kukhala e, ndi lakale: tammi ndi tammen, tuomi ndi tuomen, juuri, muzu, ndi juuren, kuori, khungwa, ndi kuoren. Likasunga i kawirikawiri ndi latsopano: tomaatti ndi tomaatin, maissi ndi maissin, kaali, kabichi, ndi kaalin. Mwa akalewo, e amagweratu pa partitive ngati patsogolo pake pali r, l, n, s kapena h woima yekha: juurta, kuorta, niintä, kuusta, tuohta. Pakakhala makonsonanti ena amakhala: tammea, lehteä, tyveä. Ophunzira ambiri amalakwa pomanga juurea kapena kuusea chifukwa chotengera tammea. Siemen ndi mtundu wina, wothera ndi konsonanti: siemenen, siementä.

Partitive imeneyi ndiyo mtima wa kalankhulidwe ka zomera, chifukwa imanena za gawo la chinthu, osati chonse. Mphatikiri wake adali *-ta, amene ankafewa kukhala *-da pambuyo pa phatikizo losatsindika. Puuta adasunga t. *Koivuda adataya d m'Chifinishi n'kukhala koivua, koma Avepsi amati koivud. Imagwira ntchito pa zinthu zosawerengeka chimodzichimodzi: kylvän ohraa, ndikufesa balere. Imatsata nambala iliyonse yoposa 1, dzina likadali la chinthu chimodzi: kolme koivua, osati kolme koivut. Imabwera pa kukana: en kaada puuta, sindidula mtengo. Imasiyanitsanso ntchito yotha ndi yosatha, chinthu chimene wa zankhalango ayenera kuchimva bwino. Kaadoin puun, mtengo ndidaugwetsa, uli pansi. Kaadoin puuta, ndinali mkati moudula.

Pochulukitsa pali t wa mwininkhani, koivut, haavat, lepät, ndi i wa maonekedwe ena, amene amavutitsa vawelo ya tsinde. Ä amagwa: leppiä, heiniä. Vawelo yaitali imafupika: puita. Koma a wa m'mayina a maphatikizo awiri amayang'ana vawelo yoyamba ya liwu. Ikakhala a, e kapena i, iye amasanduka o: haapoja, marjoja, kauroja. Ikakhala o kapena u, amagwa: oksia, nthambi, kukkia, maluwa, ohria. Lamulo limeneli lokha likupulumutsani ku zolakwa zambirimbiri.

Pali kanenedwe kamodzi kamene kamandikondweretsa. Munthu akapita kukathyola zipatso za m'tchire, Afinishi amati on marjassa, ali mu chipatso, ndipo wopita kukazula bowa menee sieneen. Aesitoniya amagwiritsa mphatikiri wa pa: marjul, seenel. Dzina la chomera limaimira ntchito yonse yokachitenga.

Aphatikiri opanga mayina atsopano ndi ochepa koma obala kwambiri. *-kka ali pa zipatso: mustikka, kuchokera ku musta, chakuda, mansikka, sitiroberi, puolukka, kuchokera ku puola wakale. Ku Estonia ndi -kas: mustikas, vaarikas, maasikas, ndipo mu maasikas n adagwa patsogolo pa s, a n'kutalika. Inu a zankhalango mudzakumana kwambiri ndi -ikko, malo omera mtengo wa mtundu umodzi: koivikko, kuusikko, männikkö, haavikko, ku Estonia kaasik, kuusik, männik, haavik. Taonani kuti tsinde lafewa mu männikkö ndi haavikko chifukwa kk watseka phatikizo. Taonaninso lepikko: ä wa leppä atagwa padatsala e ndi i okha, ndipo dzinali lidatenga o osati ö. Mnzake wa -ikko ndi -sto, monga puusto, mitengo yonse ya pamalo, ndi koivisto, limene lidali dzina la Mauno Koivisto, pulezidenti wa Finland kuyambira 1982 mpaka 1994. Ku Estonia Tamm, Kask, Kuusk, Lepik ndi Kaasik ndi mayina a mabanja ofala.

Polumikiza mawu awiri, yang'anani tanthauzo. Ngati chachiwiri ndi chiwalo cha choyamba, choyambacho chimatenga n wa umwini: koivunlehti, tsamba la koivu, kuusenkäpy, chibalobalo cha kuusi. Ngati choyamba chikunena mtundu kapena chopangira, chimaima chokha: koivuhalko, chikuni cha koivu, ruisleipä, buledi wa ruis. Ku Estonia n kulibe koma tsinde la umwini lilipo: kaseleht, kuusekäbi.

Ndiye chitani chonchi. Dzina lililonse latsopano lilembeni m'maonekedwe anayi: loima lokha, la umwini, partitive ya chimodzi ndi partitive ya zambiri, monga haapa, haavan, haapaa, haapoja. Anayiwa akakhala m'manja, ena onse amatuluka okha. Kielitoimiston sanakirja ya pa intaneti imawapereka mwaulere, ndipo ya Chiesitoniya ndi Sõnaveeb. Pambali pake lembani liwu la ku Estonia, ndipo poyerekeza kumbukirani kuti uo ndi ie wa Chifinishi adali oo ndi ee, amene Aesitoniya adasunga: kuori ndi koor, siemen ndi seeme, tuomi ndi toomingas. E wa Chifinishi m'liwu la mavawelo a kumbuyo kawirikawiri amakhala õ: pelto ndi põld, terva ndi tõrv.

Misampha ilipo. Dzina kupezeka ku Finland ndi ku Estonia sikokwanira kulitcha la Proto-Finnic. Sipuli ndi sibul, anyezi, amafanana chifukwa onse adachokera ku Chijeremani cha m'madoko a Baltic zaka mazana ambiri banja litagawikana kale. Mufunika umboni wa Chivepsi, Chivoti kapena Chilivoniya, komanso katchulidwe kotsata malamulo tatchulawa. Mbatata ya kachewere imaonetsa poyera kuti idafika aliyense ali kale payekha: Afinishi amati peruna, kuchokera ku päron wa Chiswidishi, poti Aswidi ankaitcha peyala la m'nthaka, pomwe Aesitoniya amati kartul, kuchokera ku Kartoffel. Msampha wina ndi kulumphira gwero lotchuka. Siemen amafanana ndi semen wa Chilatini chifukwa onse ndi a muzu umodzi wa Indo-European, koma njira imene adadzera ndi ya ku Baltic, osati ya ku Roma.

Womaliza uli m'mabuku anu a m'kalasi. Mawu ambiri a sayansi ya zomera ndi opangidwa m'zaka za m'ma 1800 ndi zidutswa zakale. Elias Lönnrot adatulutsa Flora Fennica mu 1860, buku loyamba lofotokoza zomera za dzikolo m'Chifinishi, ndipo mawu monga hede ndi emi, ziwalo zachimuna ndi zachikazi za duwa, adakhazikika kudzera mwa iye. Kasvi, chomera, nayenso ngwa nthawi imeneyo, wopangidwa kuchokera ku mneni kasvaa, kukula. Liwu lakale ndi taimi, limene ku Finland lidatsala pa mbande zokha koma ku Estonia taim ndi chomera chilichonse. Muyeso wa i ndi e umawalekanitsa bwinobwino: kasvi ndi kasvin, taimi ndi taimen. Pa malipoti a kunazale mudzaona taimen, taimet, taimia, ndipo nkhalango yaing'ono yongobzalidwa kumene ndi taimikko. Taimen woima yekha, amene umwini wake ndi taimenen, ndi nsomba ya m'mitsinje, alibe chochita ndi mbande.